Wosewera wa dola imodzi: kukwera ndi kutsika kwa Daniel Nava mu baseball ya ku America

Loweruka pa 12 Juni 2010, ambirife maso anali ku Rustenburg komwe England inkalimbana ndi America pa World Cup. Tsiku lomwelo, pa bwalo la Fenway Park mumzinda wa Boston, mnyamata wa zaka 27 wa timu ya Boston Red Sox dzina lake Daniel Nava ananyamula chibonga chake kukaima kutsogolo kwa woponya wa timu ya Philadelphia Phillies, Joe Blanton. Kanali koyamba Nava kuponda mu ligi yaikulu ya baseball, ija imatchedwa Major League Baseball kapena MLB. Anzake atatu anali ataima kale pa mabesi onse atatu, malo amene wosewera amadutsamo pozungulira bwalo, kudikira woti awafikitse kunyumba, pomwe chigoli chimawerengedwa. Mpira woyamba umene Blanton anaponya, Nava anaumenya mpaka unakagwera kuseri kwa mpanda wa kumanja. Zigoli zinayi pakamodzi, chimene eni masewerowa amati grand slam. M'mbiri yonse ya MLB, munthu mmodzi yekha, Kevin Kouzmanoff mu 2006, ndiye anali atachitapo zoterezi pa mpira woyamba weniweni wa moyo wake wa mu ligi yaikulu. Boston Red Sox inapambana 10-2.

Chaka chisanathe, mu Meyi 2011, Red Sox yomweyo inamuchotsa pa mndandanda wake n'kuuza matimu ena onse 29 kuti womufuna amutenge. Palibe inamufuna. Chaka chonse cha 2011 anachithera ku Pawtucket, katauni ka m'chigawo cha Rhode Island, ulendo wa ola limodzi pa galimoto kuchoka ku Boston. Kuti munthu amvetse mmene izi zimachitikira, ayenera kuiwala kaye zimene anazolowera mu mpira wamiyendo.

Mu mpira wamiyendo timu ikachita mphwayi imatuluka mu ligi yonse yathunthu, kochi, goloboyi ndi ochemerera omwe. Mu baseball ya ku America timu situluka. Matimu 30 a MLB amakhala pomwepo chaka ndi chaka ngakhale atagonja masewero 100 mwa 162 a pa sizoni. Amene amakwera ndi kutsika ndi munthu payekha. Timu yaikulu iliyonse ili ndi matimu ang'onoang'ono pansi pake, osanjidwa ngati makwerero: Single-A pansi, kenako High-A, kenako Double-A, ndipo pamwamba pake Triple-A, pomwe munthu amaonera ligi yaikulu pafupi ngati nsima ili m'mbale ya mnzake. Matimuwa ndiwo amatchedwa minor leagues. Kuyambira 2021 alipo 120, anayi pa timu yaikulu iliyonse, osawerengera ena a ongoyamba kumene ku Arizona, Florida ndi Dominican Republic. Dongosololi analikhazikitsa Branch Rickey wa St. Louis Cardinals m'zaka za m'ma 1920, ndipo mpaka lero amalitcha famu, chifukwa timu imadzilimira yokha osewera m'malo mokagula okhwima kale pa mtengo wokwera. Osewera onse a m'matimu aang'onowa ndi antchito a timu yaikulu. Ndiyo imawalipira, ndiyo imanena kuti mawa ukadzuke kuti.

Nava sanalowe ngakhale pa khomo la makwererowa. Anabadwa pa 22 Febuluwale 1983 ku Redwood City, California, ndipo poyamba sekondale anali kamwana kotalika mita imodzi ndi masentimita 42, kolemera makilogalamu 32 okha. Atafika ku Santa Clara University anayesa kulowa timu ya pasukulupo koma anamukana, ndiye anavomera ntchito yosamala zida ndi kuchapa mayunifolomu a anzake. Fizi itamukulira anasamukira ku College of San Mateo, komwe anasewera bwino kwambiri moti Santa Clara inamuitananso, ulendo uno n'kumulipirira maphunziro. Mu 2006 anamenya .395, kuposa aliyense mu West Coast Conference, ligi ya mayunivesite imene Santa Clara imaseweramo. Nambala imeneyi imatanthauza kuti pa mipata 1,000 yomenya, mipata 395 amamenya mpira n'kufika pa besi bwinobwino. Mu ligi yaikulu munthu wa .300 ndi katswiri, wa .250 ndi wapakatikati, wa .200 ayambe kulongedza. Komabe pa chisankho cha chaka chimenecho, pomwe matimu a MLB anagawana anyamata pafupifupi 1,500, dzina la Nava silinatchulidwe.

Otsala otere amathawira ku maligi oima paokha, osalumikizana ndi MLB, komwe malipiro ndi a sopo chabe. Nava anapita ku Chico Outlaws ya mu Golden Baseball League. Nakonso anayamba amubweza, n'kudzamuitana chaka chotsatira atasowa munthu. Mu 2007 anamenya .371 ndipo magazini ya Baseball America inamuika pa nambala wani mwa osewera onse a m'maligi oima paokha. Apa ndi pomwe Red Sox inagula kontirakiti yake pa mtengo wa dola imodzi, n'kulonjeza kuti idzawonjezera madola 1,499 ngati mnyamatayo adzakhale akadalipo zokonzekera sizoni zikatha.

Dola imodziyo anthu amaisimba ngati nthabwala, koma ine ndimaona kuti ndi imene inamutsata moyo wake wonse wa masewero. Mnyamata amene timu inamusankha koyambirira n'kumupatsa mamiliyoni posaina, akalephera mwezi umodzi amati akuphunzira, chifukwa bwana amene anavomereza ndalamazo safuna kuoneka kuti anataya chuma. Wa dola imodzi akalephera sabata ziwiri, palibe bwana amene mbiri yake ikuwonongeka pomutsitsa. Choncho ayenera kumenya bwino pa sitepe iliyonse popanda kupuma. Nava anachitadi zimenezo m'matimu aang'ono a Red Sox: .341 ku Lancaster mu 2008, kenako Salem ndi Portland mu 2009, ndipo 2010 inamupeza ku Pawtucket, pa Triple-A.

Malo amene ankasewera nawonso ali ndi mbali pa nkhaniyi. Timu ikamatchinga imaimika anthu asanu ndi anayi m'bwalo, ndipo atatu mwa iwo amaima kutali pa kapinga, kumanzere, pakati ndi kumanja. Awa ndiwo ma outfielder. Ntchito yawo ndi kuwakha mipira youluka isanagwe pansi ndi kuiponya msanga mkati. Wapakati amafunika liwiro la gwape. Wakumanja amafunika dzanja lamphamvu, popeza kuponya kuchoka kumeneko kukafika pa besi yachitatu ndi mtunda. Wakumanzere, komwe Nava ankaima kawirikawiri, safunsidwa zambiri pa kutchinga, ndiye timu imayembekeza kuti abweze ngongoleyo ndi chibonga, makamaka ma home run, ndiko kumenya mpira mpaka kuseri kwa mpanda ngati tsiku lija. Nava sanali wothamanga kwambiri, komanso sanali womenya ma home run ambiri. Luso lake linali la diso: kudziwa mpira woyenera kuusiya, kutopetsa woponya, ndi kufika pa besi mwa njira iliyonse. Luso lotere limapindulitsa timu koma silidzutsa anthu pa mipando. Ndipo timu imasunga ma outfielder anayi kapena asanu basi. Atatu oyambawo nthawi zambiri ndi a makontirakiti akuluakulu, otsalawo ndiwo amalimbirana mpando umodzi kapena iwiri.

Mpando woterewu umatseguka wina akavulala. Mu 2010 ma outfielder awiri a Boston, Jacoby Ellsbury ndi Jeremy Hermida, anavulala nthiti pa nthawi zosiyana, onse atagundana ndi mnzawo wa timu yomweyo, Adrián Beltré, pothamangira mpira. Nthiti za anthu ena ndizo zinakwezera Nava ku Fenway Park. Wosewera aliyense wa pa Triple-A amaidziwa nkhani imeneyi ngakhale saitchula poyera: foni imene akuidikira idzalira tsiku limene munthu wina wagona pa machira. Ndipo wovulalayo akachira, mlendo ndi mame. Chaka chimenecho Nava anasewera masewero 60, n'kumenya .242, ndipo home run ija ya tsiku loyamba inakhala yokhayo. Mu Disembala Red Sox inasaina Carl Crawford, wa kumanzere komweko, kwa zaka 7 pa madola 142 miliyoni.

Tsopano tifike pa mapepala, chifukwa ndiwo amayendetsa zonsezi. Timu iliyonse ili ndi mindandanda iwiri. Woyamba ndi wa osewera ovala yunifolomu lero, omwe nthawi ya Nava anali 25 ndipo pano ndi 26. Wachiwiri ndi wa anthu 40, wophatikiza oyamba aja ndi ena amene timu yawasungira ku minor leagues kuti matimu ena asawatole. Munthu sangasewere mu MLB asanalembedwe pa mndandanda wa 40. Akalembedwa, timu imakhala ndi ufulu womutsitsa ndi kumukweza popanda kupempha aliyense kwa zaka zitatu. Ufulu umenewu amautcha option. Chaka chimawerengedwa kuti chadyedwa ngati munthuyo wakhala pansi masiku 20 kapena kuposerapo, ndipo kale m'chaka chimodzicho ankatha kumukweza ndi kumutsitsa kangapo konse mmene afunira. Kuyambira 2022 malire ndi kasanu pa sizoni. Zaka zitatuzo zikatha, timu singamutsitsenso mwakachetechete. Iyenera kumuika kaye pa waivers, ndiko kumuonetsa kwa matimu ena onse kuti wofuna amutenge pamodzi ndi kontirakiti yake.

Pali njira ina yowawa kuposa option, ndipo ndi imene inagwera Nava mu 2011. Timu ikafuna malo pa mndandanda wa 40 imachotsa munthu nthawi yomweyo, chimene amati DFA, chidule cha designated for assignment. Kuyambira pamenepo imakhala ndi masiku owerengeka, 10 nthawi imeneyo ndipo 7 pano, oti imugulitse kapena imuike pa waivers. Masiku amenewa munthu amangokhala, alibe timu, sadziwa ngati sabata yamawa adzakhala ku Seattle kapena ku Miami. Timu ina ikamutenga, wapita. Ikapanda kupezeka, timu yake imamubweza ku Triple-A, koma tsopano ali kunja kwa anthu 40 aja, ndiye kuti adzakwerenso pafunika kuti munthu wina achotsedwe. Nava anatsika motero. Pa zokonzekera sizoni ya 2012 sanaitanidwe n'komwe ku kampu ya akuluakulu.

Kenako nthiti za ena zija zinabweranso m'maonekedwe ena. Crawford anali wovulala, Ellsbury anavulala phewa mu Epulo, ndipo ena otsatira pa mzere nawonso anagwa. Mu Meyi 2012 Boston inatha anthu n'kukumbukira Nava. Home run yake yachiwiri mu ligi yaikulu anaimenya mwezi womwewo, patadutsa pafupifupi zaka ziwiri chimenyereni yoyamba. Mu Ogasiti Crawford anagulitsidwa ku Los Angeles Dodgers, kumanzere kunatseguka.

Chaka chake chinali 2013. Kwa nthawi yoyamba anayamba sizoni ali pa mndandanda waukulu, wa anthu 25 uja, ali ndi zaka 30. Pa 15 Epulo mabomba anaphulika pa mpikisano wa Boston Marathon n'kupha anthu atatu. Masewero oyamba a Red Sox pakhomo chichitikireni zimenezo anali pa 20 Epulo, ndi Kansas City Royals. Boston inali kumbuyo mpaka chigawo cha 8 mwa zigawo 9 za masewerowo, pomwe Nava anamenya home run ya zigoli zitatu ndipo timu inapambana 4-3. Sizoni yonse anasewera masewero 134, anamenya .303, ma home run 12, ndipo pa mipata 1,000 ankafika pa besi mwa njira iliyonse ka 385. Red Sox inatenga chikho chachikulu cha MLB, cha World Series, itagonjetsa St. Louis Cardinals.

Koma ngakhale m'chaka chokomacho mpando sunali wake yekha. Nava ankatha kumenya ataima mbali zonse ziwiri, koma ankachita bwino kwambiri akakumana ndi woponya wa dzanja lamanja. Woponya akakhala wamanzere, kochi John Farrell ankalowetsa Jonny Gomes. Kugawana malo kotereku amati platoon, ndipo munthu akangodziwika kuti ndi wa theka la ntchito, dzinalo silimuchoka. M'masewero a chikho Farrell anakonda kuyambitsa Gomes ngakhale pa oponya amanja, ndipo munthu amene anali m'gulu la omenya bwino khumi mu American League, imodzi mwa mbali ziwiri za MLB, chaka chimenecho anaonera masewero angapo ali pa benchi.

Zimene zinachitika mu Epulo 2014 ndizo zimaonetsa bwino mphamvu ya mapepala aja. Nava anayamba sizoni moipa. Shane Victorino anali pafupi kubwerera kuchoka kovulala, ndipo malo anafunika. Pa anthu amene akanatha kuchotsedwa panali Mike Carp, amene ma option ake anali atatha, kutanthauza kuti kumutsitsa kunali kumutaya. Nava anali akadali ndi option. Ndiye miyezi isanu ndi umodzi chitengereni chikho, anakwera galimoto kubwerera ku Pawtucket. Apa pali chodabwitsa chimene ongoonera sachizindikira msanga. Option imaoneka ngati chitetezo cha wosewera, popeza timu simutaya, koma pa tsiku losankha imasanduka msampha: pakati pa anthu awiri ofanana mphamvu, wotsika ndi amene angatsitsidwe kwaulere. N'chifukwa chake osewera ena amapumira m'mwamba ma option awo akatha, poti tsopano timu iyenera kusankha, kumusunga pamwamba kapena kumulola akayese kwina.

Nanga kusiyana kwa pamwamba ndi pansi n'kotani m'thumba? Mu 2010 malipiro otsikitsitsa mu MLB anali madola 400,000 pa chaka, owerengedwa pa tsiku lililonse limene munthu ali pa mndandanda waukulu. Ndiye kuti madola oposa 2,000 pa tsiku, ndalama yofanana ndi ya mwezi wathunthu kwa munthu wongofika kumene pa Triple-A nthawi imeneyo. M'munsimo zinali zoipa koposa. Osewera ankalipidwa miyezi ya sizoni yokha, zokonzekera sizoni ankachita ulere, ankagona anayi kapena asanu m'nyumba imodzi, ena pa matiresi opopa, ndipo sizoni ikatha ankakagwira maganyu. Pamwamba amayenda pa ndege ya timu ndi kugona m'mahotela apamwamba. Pansi, makamaka m'masitepe oyamba, ndi basi ya usiku wonse. Amene analawapo ligi yaikulu n'kukhalabe pa mndandanda wa 40 amalandira yochulukirapo akatsika, komabe ndi kachigawo chabe ka ya pamwamba.

Zimenezi zasintha posachedwapa, ndipo sizinasinthe mwa chifundo cha eni matimu. Mu 2018 eni matimuwo anakwanitsa kuti nyumba ya malamulo ya America ichotse osewera a minor leagues pa lamulo la malipiro a ovataimu. Koma mlandu umene osewera akale anasumira MLB mu 2014 unatha mu 2022 ndi chipukutamisozi cha madola 185 miliyoni, ndipo chaka chomwecho osewera a m'munsi analowa m'bungwe la osewera la MLBPA. Mgwirizano wawo woyamba wa 2023 unakweza malipiro otsikitsitsa a Triple-A kuchoka pa madola 17,500 kufika 35,800 pa chaka, ndipo a Single-A kuchoka pa 11,000 kufika 26,200. Nyumba matimu anayamba kupereka mu 2022. Komabe malipiro otsikitsitsa a MLB mu 2025 anali madola 760,000, ndiye phompho lidakalipo. Ndipo kukonzaku kunabwera matimu aang'ono pafupifupi 40 atachotsedwa m'dongosolo mu 2021, kutanthauza kuti mipata ya anthu ochedwa kukhwima ngati Nava inachepa. Chisankho cha anyamata chimene chinali ndi magawo 50 mu 2006 pano chili ndi 20.

Palinso wotchi ina imene imayenda pokhapokha munthu ali pamwamba. Masiku 172 pa mndandanda waukulu amawerengedwa ngati chaka chimodzi cha ntchito. Ukakwanitsa zaka pafupifupi zitatu umayamba kukambirana malipiro, ndipo mukasemphana ndi timu nkhani imapita kwa oweruza apadera. Ukakwanitsa zisanu ndi chimodzi umakhala mfulu, ungathe kudzigulitsa kulikonse. Masiku 43 okha amakulowetsa pa penshoni, ndipo zaka 10 zimakupatsa penshoni yonse. Tsiku lililonse la ku Pawtucket wotchiyi imaima. Munthu amene anayamba ali ndi zaka 27 n'kutaya chaka chonse cha 2011 amafika pa ndalama zenizeni thupi litayamba kale kutsika phiri. Nava anayamba kulandira malipiro opitirira miliyoni imodzi mu 2015, ali ndi zaka 32, ndipo chaka chomwecho anavulala, anamenya moipa, ndipo kumapeto kwa Julayi Boston inamuchita DFA kachiwiri. Ulendo uno anapezeka womutenga, Tampa Bay Rays.

Kuchoka apo moyo wake unakhala wa chikwama paphewa, ngati wa ma outfielder ambiri a msinkhu umenewo. Mu 2016 anasewera ku Los Angeles Angels, n'kumalizira chaka ku Kansas City Royals. Mu 2017 anapita ku Philadelphia Phillies, timu yomwe ija anaimenya grand slam, pa kontirakiti ya minor league yokhala ndi chilolezo chokayesa mwayi ku kampu ya akuluakulu. Kontirakiti yotere silonjeza kanthu: ukachita bwino pa zokonzekera amakulemba, ukapanda kutero umapita ku Triple-A kapena kwanu. Nava analembedwa, ndipo anamenya .301 m'masewero 80. Amenewo anakhala masewero ake omaliza mu MLB. Mu 2018 anasaina ndi Pittsburgh Pirates koma opaleshoni ya msana inamugoneka sizoni isanayambe. Onse pamodzi anasewera masewero osafika 600 m'masizoni asanu ndi awiri, n'kumenya ma home run 29.

Pirates yomweyo ndi imene chaka cha 2017 inakweza Gift Ngoepe wa ku South Africa, munthu woyamba wobadwira mu Africa kusewera mu MLB, atakhala m'matimu aang'ono kuyambira 2009. Iye sanali outfielder, ankatchinga mkati mwa bwalo, koma makwerero anali omwewa, ndipo naye anatsikanso patangopita milungu yowerengeka.

Nava mu 2019 anabwerera komwe anachokera, ku ligi yoima payokha, n'kusewera ndi Kansas City T-Bones ali ndi zaka 36. Timu ya ku Pawtucket inasamukira ku Worcester mu 2021, ndipo bwalo la McCoy Stadium limene ankadikiriramo foni linatsekedwa. Iye analowa ntchito ya ukochi m'matimu aang'ono a Los Angeles Dodgers, ndipo mu 2023 anali kochi wamkulu wa Great Lakes Loons ya ku Midland, Michigan, pa sitepe ya High-A. Pa sitepe imeneyo kochi sasankha wokwera kapena wotsika. Uthenga umachokera ku ofesi ya timu yaikulu, iye ntchito yake ndi kuitanira mnyamatayo m'chipinda masewero akatha, kutseka chitseko, ndi kumuuza kumene basi yake ikulowera mawa.